Pulezidenti M'chipinda cha Mwana

Greenwich, London
12 Malichi 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achimwene a Sekani ndi onse a ku Lizulu. Nanga bondo lija lasiya kutupa? Ife kuno tilipo, koma mitima ili m'mwamba. Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndimangokuwa inu osamva, komanso amuna anga a Killian andiletsa kukamba nkhaniyi pa foni. Akupatsirani ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Peckham amene akubwera kumudzi.

Zomwe a Sekani anamva pa wailesi n'zoona. Asilikali alanda boma kwawo kwa a Killian, ndipo apongozi anga, a Pulofesa Harrison Sombai, salinso pulezidenti. Anadutsa malire atabisala m'lole ya nsomba zouma. Lachiwiri tinakawalandira ku bwalo la ndege. Ine ndinkayang'ana munthu wa suti, koma kunatuluka mkulu wowonda atavala jekete yobwereka, m'manja muli jumbo ya mankhwala a shuga. Apongozi aakazi atsala m'chipatala kwawoko, sakanatha kuyenda.

Inu simunawaonepo, paja ku chinkhoswe anangotumiza ang'ono awo. Asanalowe ndale anaphunzitsa pa yunivesite zaka zambiri. Phunziro lawo ndi lomwe ndinachita ine lija, bayokemisitiri, lofufuza timadzi ndi timichere timene timayendetsa thupi la munthu ndi la zomera. Kwawoko nthawi ya njala ana ankapuwala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosaviika mokwanira. Iwo anapeza njira yachidule yochotsera poizoni wake, n'kumayenda mudzi ndi mudzi kuphunzitsa azimayi. Zipani zitakangana mpaka kukhetsa mwazi, zinagwirizana kuti aime iwo poti analibe mbali, anthu n'kuwavotera. Alamulira zaka zisanu ndi chimodzi.

Pano akugona m'kachipinda komwe tinapaka penti yachikasu mwezi watha. Ndinkafuna kudzakuuzani mwaulemu wake, koma mungomva momwemu: ndaima, uno ndi mwezi wachitatu. Kachipindako n'ka mwana, ndipo ndimo mukanadzagona inu. Choncho ulendo wanu wa mu Juni uyambe wadikira, chifukwa nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri basi.

Ine ndikupitabe ku labu ya kuchipatala kukayeza magazi. M'mawa ndimawasiya apongozi ali pawindo kuyang'ana mabwato pa mtsinje, pobwera ndimawapeza pomwepo.

Mundiyankhe msanga.

Ndine mwana wanu,
Yamiko

Lizulu
6 Epulo 2023

Mwana wanga Yamiko,

Kalata yako ndalandira. Ife tili bwino, kungoti mvula yachuluka ndipo mbatatesi ina yaolera m'munda. Bondo likadali momwemo.

Za kuima kwako ndagwada pansi kuthokoza Mulungu. Usamauze aliyense, ndipo usamanyamule zolemera.

Undipepesere kwa apongozi ako. Koma pali zomwe sizikundigonetsa tulo. Ukuti zipinda ziwiri. Ndiye kuti bafa n'limodzi? Mumadyera pa tebulo limodzi? Ine apongozi anga aamuna mpaka anamwalira sindinawayang'anepo m'maso, tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire. Uzimanga chitenje m'nyumbamo, ndipo polankhula nawo uzigwada. Ulaya asakuiwalitse kwanu.

Tsopano za ulendo wanga. Ndaphunzitsa ana a Sitandade 5 zaka makumi atatu, ndimadziwa mwana akamazungulira. Munthu amene anali pulezidenti sangasowe pogona mpaka kukapanikizana ndi mpongozi wake. Anthu otere amakhala ndi nyumba m'maiko monse, aliyense kuno akutero. Ungonena chilungamo kuti ukuchita nane manyazi, kuti mayi wa zidendene zong'aluka angakakuchititse manyazi pamaso pa anthu akuluakulu. Sindingakwiye. Pasipoti ndinatenga kale, ili m'sutikesi, iziona yokha kuti ipita liti.

Undiuze za thupi lako, ukudya? Moni kwa bambo a m'nyumbamo.

Mayi ako,
Etta

Greenwich
2 Meyi 2023

Amayi,

Moni nonse. Sindikudziwa poyambira.

Apongozi aakazi anamwalira pakati pa Epulo. A Killian anati sangalole kuti amayi awo aikidwe ndi anthu a m'boma la asilikali ngati munthu wopanda ana. Ndinawagwira miyendo. Bambo awo nawonso anawaletsa, mpaka kuima pakhomo. A Killian anati, "Ine sindinalowepo ndale, ndimakonza makompyuta ku London. Andimangiranji? Lolemba ndabwerako." Anandipsompsona pamphumi, n'kukakwera sitima yopita ku bwalo la ndege.

Maliro anaikadi. Pobwerera anawagwira pa bwalo la ndege. Tsiku lotsatira mkulu wa asilikali analankhula pa wailesi kuti mwanayo amumasula tsiku lomwe bambo ake adzabwere kudzayankha mlandu. Komwe awasunga sitikukudziwa.

Ndayenda m'maofesi mpaka mapazi kutupa. Kulikonse amandilandira bwino, kundipatsa madzi ndi mpando, n'kundiuza kuti akutsatira nkhaniyi, koma poti a Killian ndi nzikanso ya dzikolo, zochita zawo n'zochepa.

Amayi, manyazi ndi inu ndingachite chifukwa chiyani? Apongozi alibe nyumba kulikonse. Jekete yomwe amavala ndi ya a Killian. Ndikanakonda mukanakhala pano lero lomwe, ngakhale kugona nane pabedi limodzi, poti mbali inayo ili yokha. Koma popanda a Killian sindingathe kuyendetsa za viza yanu, mutu wanga sukugwira.

M'nyumba muno tatsala awiri, ine ndi apongozi. Chitenje ndikumanga. Iwo sakudya. Dzulo ndinawapeza atakhala pa mphepete mwa bafa atagwira mswachi wa mwana wawo. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono, ndinapita kukalirira pa masitepe.

Mutipempherere, ndipo mundilembere.

Yamiko

Lizulu
10 Juni 2023

Yamiko,

Ndati ndikupatse moni ngakhale iwe sukundifuna. Miyezi iwiri yatha osandiyankha. Sekani akakuimbira umangoti "tili bwino, ndalemba kalata," n'kudula. Kalata yake iti? Ndiye kuti ndinalasa pomwe pali chilonda.

Mwezi uno ndi womwe ndikanakwera ndege. Amayi a Mvano anandisokera diresi, ndipo Lamlungu lililonse amandifunsa kuti mupita liti. Ndikumawauza kuti kumeneko kukuzizira.

Ngati unapeza makolo atsopano, zikomo. Ine ndingopempha chimodzi: mwana akadzabadwa udzandiuze, ndisadzamve kwa anthu.

Mayi ako,
Etta

Lilongwe
24 Juni 2023

Chemwali,

Moni. Kalata yako ya pa 2 Meyi yatipeza dzana. Bambo amene unawapatsira anaiiwala m'thumba la sutikesi n'kupita nayo ku Mzuzu. Ndinapita nayo ndekha ku Lizulu. Amayi anawerenga ataima, pofika pakati anakhala pansi pa dothi. Akungobwereza kuti "ndamulakwira mwana wanga." Kalata yawo yaukali ija inali itapita kale, usaiikire kumtima. Nanga iwe bwanji osandiuza ine pa foni, ngakhale mophiphiritsa?

Ndilankhule monga mlongo wako wamkulu, poti Amayi sanganene izi. Nkhaniyi ndi yosavuta. Amene anadya ufumu ndi mkuluyo, osati alamu. Iye akumwa tiyi ku London, mwana wake akugona pa simenti, iwe uli ndi pakati. Mwana akalira nyanga ya nsatsi amati msemere, koma apa nyanga anasema ndi bambo, ikufotera m'manja mwa mwana. Auze apite. Ngati ukuopa mwambo, ndipatse nambala yawo ndiwauze ine.

Undidziwitse chilichonse chomwe wamva cha alamu.

Mlongo wako,
Sekani

Greenwich
15 Julayi 2023

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi a Sekani. Makalata onse awiri ndalandira. Musadzivute, sindinakukwiyireni.

Loya wa kwawoko watitumizira chithunzi cha a Killian. Awameta mpala, diso limodzi n'lotupa. Akuti mphumu yawo yabwerera ndipo mankhwala opopera aja anawalanda.

Loweruka lililonse kumabwera azibambo atatu ochokera ku Wembley, amene anali nduna za apongozi. Mmodzi pano amalondera pa bwalo la mpira. Amavala masuti, amawatchula apongozi kuti Bwana Pulezidenti, amalemba zikalata zopita ku mabungwe a maiko. Loweruka lapitali ndinali ndikuchokera ku sikelo, komwe anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri. Ndikulowa ndinamva mmodzi akuti, "Bwana, mukapita ndiye kuti mwavomereza boma lawo. Mnyamatayo apirire, dziko ndi lalikulu kuposa munthu mmodzi."

Ndinawauza kuti atuluke m'nyumba mwanga. Anayang'anana, anatola zikalata zawo, anatuluka.

Kenako ndinaima pamaso pa apongozi. Sindinagwade, Amayi. Ndinawayang'ana m'maso.

Ndinati, "Bambo, mlandu umene akukufunirani ndi wabodza?"

Anati, "Asilikaliwo sakufuna chilungamo, akufuna mpando. Koma mlanduwo si wabodza wonse. Chaka changa chachitatu ophunzira a pa yunivesite yanga yomwe anachita zionetsero. Ndinasaina lamulo loziletsa. Apolisi anawombera, ana asanu ndi awiri anafa. Sindinalamule kuwombera, koma amene anasaina ndine."

Ndinati, "Ndiye mwana wanu akufera siginecha yanu. Inu zaka zanu mwadya. Uyu ali m'mimbamu adzawaona bambo ake?"

Anati, "Nanga ndikapita n'kutisunga tonse awiri?"

Ndinati, "Adzafa akudziwa kuti munabwera."

Anatolera makapu a alendo aja, anakatsuka, analowa m'chipinda chawo.

Kuyambira tsiku limenelo sitinalankhulane. Ndikabwera kuntchito ndimapeza mpunga ndi nsomba zili pa chitofu atavundikira bwino, chitseko chawo chili chotseka. Ndimadya, poti mwana akufuna chakudya. Nthawi zina ndimafuna kugogoda kuti ndibweze mawu aja. Ndikakumbukira diso la a Killian dzanja limabwerera lokha. Ndikuopa kuti apita, ndikuopanso kuti sapita.

Ndiuzeni chochita, Amayi. Ine nzeru zandithera.

Yamiko

Peckham
30 Julayi 2023

Amayi, ndine Charity, mnzake wa Yamiko wa kutchalitchi, kwathu ni ku Chipata. A Pulofesa anabwera kwanga ndi kalata iyi ya m'Chizungu kuti ndimasulire. Manje apita, Yamiko anali kuntchito, sanamutsanzike. Mukhululuke ngati penapake sindinalembe bwino.

Okondedwa asewere,

Ndikupatsani moni ngakhale sitinaonanepo. Mlandu wake ndi wanga: pa chinkhoswe cha ana athu ndinaona ngati msonkhano wa nduna ndi wofunika kwambiri.

Mukamawerenga kalatayi ndidzakhala nditafika kwathu. Akuluakulu a mpingo a dziko loyandikana nalo atiyankhulira, ndipo asilikali alonjeza kuti ndege yomwe idzanditsitse ndi yomwe idzanyamule Killian. Ngati adzasunge lonjezolo sindikudziwa.

Mudzamva kuti mwana wanu anandilankhula mwaukali. Musamudzudzule. Sananene chilichonse chimene sindinkachidziwa. Musaganizenso kuti ndikupita chifukwa cholimba mtima. Ndili ndi mantha kwambiri, ndipo ndi manthawo amene andikhazika pawindo miyezi itatu mwana wanga ali m'ndende, ine n'kumawatcha kuti udindo.

Moyo wanga wabwino unali wa mu labu. Kumeneko ukalakwitsa umataya zomwe wasakaniza, kutsuka botolo, n'kuyambiranso. Atandipempha kuti ndilamulire dziko ndinaganiza kuti ndi ntchito yomweyo, kuyeza mosamala ndi kunena zoona. Sindinadziwe kuti m'boma ukalakwitsa pamagwa maliro, ndipo palibe kuyambiranso. Pali azimayi asanu ndi awiri kwathu amene akhala akudikira kuti ndidzaime pamaso pawo. Khoti lake ndi la anthu akuba, koma azimayiwo ndi enieni.

Yamiko wandisunga ngati bambo ake omubereka. Magazi ake akuthamanga, ndipo sapuma. Chipinda ndasesa, zofunda ndachapa. Chonde bwerani mudzakhale naye.

Ine wanu,
Harrison Sombai

Lizulu
4 Ogasiti 2023

Mwana wanga wokondedwa,

Moni. Kalata yako ya pa 15 Julayi yafika dzulo ndipo ndikuyankha lero lomwe. Sekani ndamukalipira chifukwa cha zomwe anakulembera.

Poyamba undikhululukire ine. Ndinakuweruza ndisanamve.

Wati ndikuuze chochita. Ndagona nazo, ndadzuka nazo, yankho labwino ndilibe. Ndikanakhala ine mwina ndikananena zoposa pamenepo. Koma tamvera. Mkuluyo akapita chifukwa cha mawu ako n'kukafera komweko, udzasenza mtembo wake moyo wako wonse, ndipo mwamuna wako akadzatuluka adzakuyang'ana bwanji? Kupita kapena kusapita asankhe yekha, pakamwa pako pasakhalepo.

Ukangowerenga kalatayi, kagogode pa chitseko chija. Ugwade, upepese, uwauze kuti unalankhula ndi ululu wa mimba. Ukatero udye nawo pa tebulo limodzi. Za mwambo zija ndinanena zisiye, m'nyumba ya maliro anthu sapewana.

Mapiritsi a magazi uzimwa osadumphitsa.

Mayi ako,
Etta

Greenwich
22 Okutobala 2023

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu, a Sekani ndi amayi onse a Mvano. Pepani kuti kupatula mawu ochepa a pa foni aja sindinalembe. Mdzukulu wanu ali bwino, akuyamwa ngati wobwezera. Chilonda cha opaleshoni chikupola. Za viza yanu a Charity akuthamanga nazo, tikudikira yankho.

Kalata yanu ya mu Ogasiti inandipeza apongozi atapita kale. Ndinaiwerengera m'chipinda chawo. Ndinagwadabe, Amayi, pafupi ndi bedi loyalidwa bwino, koma panalibe womupepesa.

Asilikali sanasunge lonjezo tsiku lomwelo. Anawasunga onse awiri milungu itatu, aliyense kwake, osaonana. Milungu imeneyo sindikufuna kuikumbukira. Kenako akuluakulu a mpingo aja ataumirira, a Killian anawakweza ndege. Bambo awo sanawaone ngakhale patali. A Killian anamva ali kale m'mwamba kuti bambo awo anabwera, atauzidwa ndi munthu wokhala naye pampando.

Munthu amene ndinakamulandira ku bwalo la ndege ndi a Killian ndithu, koma salankhula. Kuntchito sanayambe. Chitseko chikamenyeka amadzidzimuka. Mwana amamunyamula bwino, amamusambitsa, koma osamuimbira ngakhale kamodzi.

Sabata yatha tikupinda matewera anandifunsa kuti, "Bambo anali atakana kubwera, loya anandiuza ndili m'ndende. Chinawasintha n'chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndinawauza zonse, mawu ndi mawu. Anamaliza kupinda thewera lomwe linali m'manja, anavala jekete, anatuluka. Ndinawaona pawindo ataima m'mphepete mwa mtsinje mvula ikuwagwa. Atabwera anati, "Ukanapanda kunena bwenzi nditafa. Ndikudziwa. Koma usandifunse kaye kuti ndikuthokoze." Sindinawafunse.

Mlandu unayamba Lolemba, tinaonera pa foni. Apongozi analowa atavala yunifolomu ya akaidi, akuyenda mogwira khoma. Loya akuti jakisoni wa shuga amawapatsa mwa apo ndi apo. Woweruza atawafunsa dzina ndi ntchito, anati, "Harrison Sombai, mphunzitsi." Kenako anatembenukira kumene kunakhala makolo a ophunzira aja n'kuwerama. Mayi wina anawalavulira. Pomwepo chithunzi chinadulidwa, ndipo sanaonetsenso.

Amayi, mwanayu mpaka lero alibe dzina. Kwawo kwa a Killian mwana woyamba amatchedwa dzina ndi agogo ake aamuna, ndipo iwo akuti sangalande bambo awo chimenechinso. Ku ofesi yolembetsa ana akuti nthawi yomwe amapereka itha kumapeto kwa mwezi uno. Loya analonjeza kuti akalowa kundende akawafunsa apongozi dzinalo. Lachinayi lapitali anamubweza pachipata. Akuti ayesanso Lachinayi likubwerali.

Dzulo namwino wobwera kunyumba anafunsa kuti alembe ndani pa khadi. A Killian anayang'ana ine, ine ndinayang'ana mwana. Namwinoyo anadikira pang'ono, kenako anasiya mzerewo wopanda kanthu.

Mutipempherere Lachinayi, kuti chipata chikatseguke, ndiponso kuti akawapeze akadali ndi mawu.

Ndine mwana wanu,
Yamiko